Masiku Khumi ndi Awiri

Anatiimitsa tonse awiri pamalo amodzi,
pomwe msewu wochokera ku Kajaani umakhota
kulambalala nyanja youma gwa ndi chisanu.
Naini koloko inali isanakwane, mdima wa Januwale ukadali bii.
Kutsogolo, galimoto yakuda ya Aulis Pyykkönen,
mwini fakitale yocheka matabwa.
Kumbuyo ine, Sointu, namwino woyendera okalamba m'makomo,
chikwama cha jakisoni wa shuga chili pampando.

Chikwangwani chinkati makumi asanu ndi atatu.
Tonse tinachipyola ndi makilomita ofanana ndendende,
ngati tinachita kupangana.

Wapolisi, mtsikana wofiira mphuno ndi mphepo,
sanafunse komwe ndinkathamangira.
Ndinali nditakonza kale pakamwa kuti ndimuuze za mdala Reino,
amene amaiwala kudya akapanda kundiona,
koma funso lake linali lina:
Chaka chatha munalandira zingati?
Yankho sanalidikire n'komwe.
Kamakina ka m'dzanja lake kanali katafunsa kale ku ofesi ya msonkho.
Ana alipo angati?
Mmodzi, ndinatero. Ilta, wa zaka zisanu ndi zinayi.
Anagogoda kagalasi ndi chala chozizidwa,
mwana wanga n'kusanduka nambala yochotsera.

Kuno chindapusa amachiyeza ndi masiku.
Amatenga malipiro ako, n'kukusiyirako kopumira,
zotsalazo n'kuziduladula
mpaka adziwe kulemera kwa tsiku lako limodzi.
Akatero amayang'ana liwiro lako
ndi kunena masiku amene alande.
Ine, khumi ndi awiri.
Aulis, khumi ndi awiri.

Tsiku langa linalemera mayuro makumi awiri ndi asanu.
La iye, zikwi zitatu.

Anatuluka m'galimoto, pepala likugwedera m'manja,
anayang'ana kumwamba, anatukwana pang'ono, kenako anaseka.
Anabwera pawindo langa ndi fulasiki ya khofi.
Mayi, lero ine ndi inu tafanana, anatero,
n'kundithirira m'chivindikiro.
Ndinamwa. Anali wabwino khofiyo.

Pofika Lachisanu nkhani inali itazungulira tauni yonse.
Pamzere wa m'sitolo, pa benchi la sauna ya ku dziwe losambira,
aliyense ankawerenga zikwi za Aulis ndi zala,
ankati lamulo likamaluma lizitero,
mano ake azikula molingana ndi nyama.
Nanenso ndinavomera, ndipo mpaka pano ndikuvomera.
Sindikufuna dziko limene wolemera
amagula liwiro ngati tikiti ya basi.

Koma usiku, pathebulo la kukhitchini,
ndinayala pepala langa pambali pa bilu ya magetsi.
Mayuro mazana atatu.
Ndinaona nsapato za chisanu za Ilta zili pakhomo,
zala zake zayamba kale kupindika m'menemo,
ndipo amati sizikumuthina
chifukwa amadziwa kuwerenga nkhope yanga.

Ndinamva kuti Aulis waimitsa kaye zogula injini yatsopano ya boti.
Nyanja imasungunuka m'Meyi.
Injini ingathe kudikira.
Phazi la mwana silifunsa mwezi.

Sindinakadandaule kukhoti. Ndikanakanena chiyani?
Ndinathamangadi.
Pa msewu umenewu mphalapala imatulukira m'nkhalango osagogoda,
ndipo ndasambitsapo anthu amene liwiro linawasiya pa njinga ya olumala.
Masamu a wapolisi uja analibe cholakwa.
Anangolephera kuona
kuti masiku ena amadulidwa pamafuta,
ena pafupa.

M'mawa uja ndinafika kwa Reino nditachedwa ndi mphindi makumi anayi.
Ndinamupeza atakhala mumdima, atavala jekete, chipewa pabondo,
phala litazizira m'mbale.
Wachedwatu, anatero.
Ndimathamanga, ndinamuyankha,
ndikumupinda malaya kuti ndipeze pobaya.